Chakudza Sichiyimba Ng'oma

Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma. Mwambiwu timaumva kawirikawiri zinthu zitaonongeka kale, pamaliro kapena nkhokwe itapsa, ndipo umanenedwa motonthoza: musadziimbe mlandu, palibe akanadziwa. Koma uli ndi mbali ina imene sitiikonda kwenikweni chifukwa imatipatsa ntchito. Ngati chakudza sichichenjeza, ndiye kuti munthu wodikira kumva ng'oma kuti ayambe kukonzeka akudzinamiza yekha. Mbali yachiwiriyi ndiyo yanditengera kutali, ku nkhalango za kumpoto chakum'mawa kwa America ndi za ku Ulaya, kumene nkhupakupa, imene ife timaidziwa pa khutu la galu ndi pa bere la ng'ombe, yasanduka mdani wa anthu.

Udzudzu umalira kukhutu, munthu n'kudziwomba mbama. Mavu akaluma, mudzi wonse umamva. Nkhupakupa ndi ina. Siuluka ndipo sidumpha. Imakwera pansonga ya udzu kapena pa tsamba la chitsamba, n'kutambasula miyendo yakutsogolo, kudikira chamoyo chilichonse chimene chingadutse n'kuikhudza. Ikakwera munthu sipupuluma. Imayendayenda kufuna malo ofewa ndi obisika, kukhwapa, kuseri kwa bondo, m'mphechepeche, m'tsitsi, kenaka n'kuboola khungu. M'malovu ake muli zoziziritsa ululu, zoletsa magazi kuundana, ndi zomatira mlomo wake pakhungu kuti usazuke. Imayamwa masiku atatu kapena anayi mwini thupi osamva kanthu. Ndipo imene imadwalitsa anthu ambiri si yaikulu ija yooneka msanga, koma yaing'ono yosakhwima, yonga kanjere ka bonongwe. N'chifukwa chake ambiri odwala matenda a Lyme sakumbukira n'komwe kuti analumidwapo.

Matendawa anatenga dzina ku tauni ya Lyme m'chigawo cha Connecticut. Mu 1975 amayi awiri, Polly Murray ndi Judith Mensch, anadandaula ku ofesi ya zaumoyo ya chigawocho kuti ana ambiri m'dera lawo akutupa mawondo, ndipo madokotala akungoti ndi nyamakazi ya ana. Nyamakazi ya ana ndi yosowa ndipo siyenda khomo ndi khomo. Nanga zinatheka bwanji kuti ana angapo a mumsewu umodzi aidwale? Dokotala wachinyamata wa pa yunivesite ya Yale, Allen Steere, anafufuza n'kupeza odwala 51, ana 39 ndi akuluakulu 12. Ambiri ankakhala m'mphepete mwa nkhalango, ambiri anayamba kudwala m'miyezi yotentha ya kumeneko, ndipo ena ankakumbukira chidzolo chofiira chimene chinkakula mozungulira mawondo asanatupe. Mu 1981 Willy Burgdorfer, katswiri wobadwira ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku Hamilton m'chigawo cha Montana, akuunika matumbo a nkhupakupa zochokera ku Shelter Island ku New York, anaona mabakiteriya aatali opotana. Mabakiteriyawo ndiwo anali gwero la matendawa, ndipo anawatcha Borrelia burgdorferi pomulemekeza.

Amayi awiriwa ndimawapatsa ulemu waukulu. Panalibe chowachenjeza. Iwo anangokana kuvomera kuti zimene akuona ndi maso awo n'zongochitika, n'kulimbikira mpaka wina anawamvera. Matendawo sanali atsopano. Dokotala wa khungu wa ku Sweden, Arvid Afzelius, anafotokoza za chidzolo choyendachi mu 1909 ndipo anakayikira nkhupakupa. Ngakhale m'thupi la Ötzi, munthu amene anafa zaka zoposa 5,000 zapitazo n'kupezeka mu 1991 m'madzi oundana a m'mapiri a Alps, akatswiri anapezamo zizindikiro za mabakiteriyawa. Chimene chinasintha ndi dziko. Minda yakale ya ku New England itasiyidwa inameranso mitengo, mimbulu imene inkadya agwape inali itaphedwa kalekale, agwape anaswana, ndipo anthu anayamba kukonda kumanga nyumba m'mbali mwa nkhalango. Agwape ndiwo amadyetsa nkhupakupa zazikulu zoikira mazira. Mbewa, makamaka ya mapazi oyera, ndiyo imasunga mabakiteriya n'kupatsira tinkhupakupa tongoswedwa kumene. Munthu amangolowerera pa nkhani ya mbewa ndi gwape. Lero bungwe loona za matenda ku America la CDC limayerekeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 476,000 ku America amapezeka ndi matendawa n'kulandira mankhwala, ndipo pamene nyengo yozizira ikufupika, nkhupakupazi zikulowerabe kumpoto m'dziko la Canada.

Komabe pali chinthu chimodzi m'moyo wa mabakiteriyawa chimene chimapatsa munthu mpata, ndipo nkhani yonse ya katemera ndi ya kapewedwe yatsamira pamenepo. Nkhupakupa ikakhala ndi njala pa udzu paja, mabakiteriya a Lyme sakhala m'malovu ake. Amakhala m'matumbo, atakakamira kukhoma la matumbowo ndi puloteni ya pakhungu lawo imene akatswiri amaitcha OspA. Magazi ofunda akayamba kulowa m'pamene amadzuka, kuswana, kusiya OspA ija n'kuyamba kupanga puloteni ina, kuboola matumbo, n'kuuyamba ulendo wa ku malovu. Ulendowu umatenga nthawi. Kawirikawiri nkhupakupa imayenera kukhala itamatirira kupitirira tsiku lathunthu, nthawi zambiri maola 36 mpaka 48, kuti ipatsire munthu matendawa. Chakudzachi chimabweradi mwakachetechete, koma chimachedwa pakhomo usiku ndi usana chisanalowe.

Mabakiteriya akalowa, chizindikiro choyamba mwa anthu 70 kapena 80 pa 100 aliwonse ndi chidzolo chimene chimatuluka pakati pa masiku 3 ndi 30 n'kumakula tsiku ndi tsiku, nthawi zina pakati pake n'kuyererako n'kusiya mkombero. Sichiyabwa kwenikweni, sichipwetekanso kwenikweni. Thupi limatentha, mutu umawawa, munthu amaphwanya m'thupi ndi kutopa. Pa nthawi imeneyi mankhwala wamba monga doxycycline kapena amoxicillin, omwa kwa masiku 10 mpaka 21, amachiza anthu ambiri. Mankhwala akachedwa, mabakiteriya amafika ku mitsempha n'kupotoza nkhope mbali imodzi, amafika ku mtima n'kusokoneza kagundidwe kake, ndipo pakapita miyezi amatupitsa bondo. Ena ngakhale atamaliza mankhwala amatsala ndi kutopa ndi ululu kwa miyezi yambiri.

Apa pali nkhani yotikhudza ife akhungu lakuda. Zithunzi zambiri za m'mabuku a udokotala zimaonetsa chidzolochi pakhungu loyera. Pakhungu lathu kufiirako sikuoneka bwino. Pamatha kungooneka poderako, kapena ngati pamene munthu anadzigunda. Kafukufuku wa ku America waonetsa kuti anthu akuda nthawi zambiri amapezeka ndi matendawa atafalikira kale m'thupi. Lyme ndi matenda a maiko ozizira a kumpoto, inde, koma abale athu ali komweko: anamwino, ophunzira, osamalira okalamba ku Britain, amene Loweruka amatenga ana kukayenda ku Richmond Park mu London, ku New Forest, kapena kumapiri a ku Scotland, malo onse odziwika ndi nkhupakupa zonyamula matendawa.

Katemera analipo. Ichi ndicho chimandiwawa ndikamawerenga mbiri imeneyi. Mu Disembala 1998 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza katemera wotchedwa LYMErix wa kampani ya SmithKline Beecham. Anayesedwa pa anthu pafupifupi 11,000, ndipo mwa obayidwa katatu, pa anthu 100 amene akanadwala, 76 sanadwale. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kodabwitsa. Ankaphunzitsa thupi kupanga asilikali olimbana ndi OspA ija. Nkhupakupa ikayamwa munthu wobayidwa, inkameza asilikaliwo pamodzi ndi magazi, ndipo iwo ankapha mabakiteriya m'matumbo mwa nkhupakupa momwemo, asananyamuke ulendo wa ku malovu. Nkhondo inkathera kunja kwa thupi la munthu.

Zofooka anali nazo. Sankaperekedwa kwa ana ochepera zaka 15, amene ndiwo amagubuduzika m'maudzu. Ankafuna kubayidwa katatu m'chaka chathunthu. Komiti yolangiza boma inamuvomereza mofooka, mongoti okhala m'madera a nkhupakupa atha kumuganizira, ndipo panali ngakhale akatswiri ena omupeputsa kuti ndi katemera wa anthu olemera opita kutchuthi. Kenaka ng'oma inalira, koma sinali ya matendawo. Ofufuza ena anali ataona kuti kachigawo ka OspA kamafananako ndi puloteni ina ya m'thupi la munthu, n'kufunsa ngati zimenezi sizingachititse thupi kudziukira lokha molumikizana mafupa. Linali funso loyenera kufunsidwa. Anthu ena obayidwa anayamba kumva kupweteka m'mafupa, ndipo ululu wawo unali weniweni. Mu Disembala 1999 maloya anakasuma kukhoti, nyuzipepala ndi ma TV n'kuinyamula nkhaniyo. Inali nyengo yomweyo imene nkhani yabodza yoti katemera wa chikuku amayambitsa autism inkafalikira kuchokera ku London, ndiponso katemera woyamba wa rotavirus anali atangochotsedwa chifukwa cha vuto lenileni la m'matumbo a makanda. Mitima ya makolo inali m'mwamba. A FDA ndi a CDC anaunika madandaulo ochokera pa majekeseni pafupifupi 1.4 miliyoni amene anagawidwa, ndipo sanapeze kuti nyamakazi inali yochuluka mwa obayidwa kuposa mwa anthu ena onse. Koma yankholo linafika mantha atakhazikika kale. Ogula anachepa, ndipo mu Febuluwale 2002 kampaniyo inasiya kumugulitsa. Kampani ina, Pasteur Mérieux Connaught, imene inali itayesa kale katemera wofanana naye, sinapemphe n'komwe chilolezo. Kuchokera pamenepo, kwa zaka zoposa 20, galu wa ku Connecticut ankatha kubayidwa katemera wa Lyme kwa dokotala wa ziweto, koma mwana wosewera ndi galuyo ayi.

Sindikunena kuti anthu asamafunse. Safunsa anadya phula, ndipo munthu ali ndi ufulu wodziwa chimene chikulowa m'thupi mwake. Chimene chimandipweteka n'chakuti funso linamveka dziko lonse, yankho n'kutsalira m'mapepala a akatswiri. Katemera aliyense ali ndi tsoka limeneli: amene watetezedwa sadziwa kuti watetezedwa. Mayi amene bondo lake silinatupe sapita ku wailesi kukathokoza, chifukwa sadziwa tsiku limene nkhupakupa inamuyamwa n'kugwa popanda kumusiyira kanthu. Ndipo anthu zikwi mazanamazana amene anadwala chaka ndi chaka m'zaka zotsatirazo anadwala aliyense payekha, m'nyumba mwake, osakumana pabwalo limodzi kuti kuchuluka kwawo kuoneke.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mwambi uwu ukuyenera katemera watsopano amene kampani ya ku France ya Valneva inapanga, n'kugwirizana ndi Pfizer mu 2020. Poyesedwa ankatchedwa VLA15. Nzeru yake ndi yomwe ija ya OspA, koma waphatikiza mitundu 6 ya puloteniyi, chifukwa ku Ulaya kuli mitundu ina ya Borrelia imene LYMErix sanaikonzekere. Kachigawo kankakayikiridwa kaja anakachotsamo. Ndipo ulendo uno ana oyambira zaka 5 sanasiyidwe. Kafukufuku wamkulu wotchedwa VALOR anayamba mu Ogasiti 2022, n'kuchitikira ku America, Canada ndi maiko a ku Ulaya monga Finland, Sweden, Germany, Poland ndi Netherlands. Mu Febuluwale 2023 makampaniwa anachotsa pafupifupi theka la anthu amene anali atalembedwa, osati chifukwa katemera wavulaza wina, koma chifukwa malo ena oyesera ku America sankatsata malamulo a kafukufuku. Zimenezi zinachedwetsa ntchito, analembanso ena, ndipo pamapeto pake anthu anaposa 9,000. Ine ndimaona kuti anachita bwino. Katemera amene mkulu wake anagwa ndi mphekesera sangayambe ndi ziwerengero zokayikitsa.

Kupangana kusanapse kuli apa. Akatemera ambiri amadalira kukumbukira kwa thupi: mdani akalowa, thupi limamuzindikira n'kudzutsa asilikali. Koma mabakiteriya a Lyme amasiya OspA asanalowe mwa munthu, choncho thupi silipeza chilichonse cholikumbutsa. Asilikali ayenera kukhala ali kale ochuluka m'magazi pa ola limene nkhupakupa yayamba kuyamwa. N'chifukwa chake mu kafukufuku uja anthu ankabayidwa katatu m'kati mwa miyezi 5 mpaka 9, kumaliza nyengo ya nkhupakupa isanayambe, kenaka n'kudzawonjezera jekeseni ina pakatha chaka. Ndiye kuti munthu ayenera kuyamba kubayitsa masamba akuyoyoka, n'kupitiriza kunja kuli chipale, nthawi imene palibe woganiza za nkhupakupa. Ngakhale katemerayu atakhala wamphamvu chotani, funso lalikulu lidzakhala la mtima wa munthu: kodi adzapita kuchipatala katatu chifukwa cha ngozi imene sakuiona?

Ena akuyesa njira zina. Moderna inayamba mu 2023 kuyesa pa anthu akatemera a mRNA a Lyme. Pa yunivesite ya Massachusetts apanga asilikali okonzeratu oti munthu azingobayidwa kamodzi nyengo ikamayamba. Pa chilumba cha Nantucket, Kevin Esvelt wa ku MIT wakhala akukambirana ndi anthu za kumasula mbewa zosinthidwa kuti zisamasunge mabakiteriyawa. Koma njira imene imandigwira mtima ndi ya gulu la Erol Fikrig ku Yale. Mu 2021 iwo anabaya mbira katemera wolimbana osati ndi mabakiteriya, koma ndi mapuloteni 19 a m'malovu a nkhupakupa, aja amaithandiza kubisala. Mbirazo zitalumidwa, khungu linkafiira msanga pamalo olumidwawo, nkhupakupa zinkalephera kuyamwa bwino n'kumagwa. Pamene ofufuza anazula nkhupakupa kufiira kutangoyamba, palibe mbira yobayidwa imene inatenga matenda, pomwe pafupifupi theka la zosabayidwa zinatenga. Katemera wotere akadzatheka pa anthu, adzakhala atakakamiza chakudza kuyimba ng'oma: khungu lenilenilo lidzauza mwini wake kuti taonani apa.

Kwathu nkhani ya katemera wa matenda a nkhupakupa si yachilendo, kungoti timaimva ku khola. Chigodola, chimene chimapha ng'ombe m'milungu itatu kapena inayi, chimabwera ndi nkhupakupa yokonda makutu a ng'ombe, ndipo katemera wake amapangidwa ku Lilongwe, pa malo a CTTBD, kuchokera ku nkhupakupa zogayidwa zimene zili ndi tizilombo tamoyo. Ng'ombe imabayidwa tizilomboto pamodzi ndi oxytetracycline, ndipo imakhala yotetezeka moyo wake wonse. Mlimi amene anasiya kupita ku dibi chifukwa ng'ombe zake zinkaoneka zathanzi amadziwa mtengo wa kudikira zizindikiro. Tilinso ndi nkhufi za m'ming'alu ya makoma a dothi, zimene zimanyamula mbale wake wa mabakiteriya a Lyme, Borrelia duttonii, woyambitsa kutentha thupi kobwerezabwereza. Nkhufi imayamwa usiku kwa kanthawi kochepa n'kubwerera kumng'alu, moti mpata wa tsiku lathunthu uja suliko. Mankhwala ake ndi kumata makoma ndi kuzira pansi.

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Katemera ali m'manja mwa ofufuza ndi oweruza za mankhwala ndi wapachala, ndipo ngakhale atafika pamphuno, adzateteza ku Lyme yekha. Nkhupakupa yomweyo imanyamulanso anaplasmosis, babesiosis, ndi kachilombo ka Powassan kamene kamatha kulowa m'mphindi zowerengeka. Ku Ulaya kuli kachilombo kena kotupitsa ubongo kamene kali ndi katemera wakewake, amene anthu a ku Austria akhala akubayitsa kwa zaka makumi angapo. Choncho ntchito ya manja ndi maso sidzatha. Wolowa m'thengo la kumeneko, makamaka kuyambira Epulo mpaka Seputembala, avale buluku lalitali n'kulilowetsa m'sokosi, zovala zowala kuti kakuda kakayenda kaoneke, ndipo ayende pakati pa njira osakhudza udzu wa m'mbali. Pakhungu apake mankhwala okhala ndi DEET kapena picaridin. Pa zovala ndi nsapato athire permethrin, wa m'gulu lomwelo la mankhwala a m'maneti athu a udzudzu. Ena ku America amaweta nkhanga kuti zizitola nkhupakupa pabwalo, ndipo zimatoladi zazikulu, koma tating'ono toopsa tija timazipulumuka. Kutchetcha udzu ndi kusesa masamba onyowa pafupi ndi nyumba kumathandiza koposa.

Chachikulu chimachitika pobwerera kunyumba. Zovala zilowe m'makina oumitsira kwa mphindi 10 pa kutentha kwakukulu, chifukwa nkhupakupa imapirira madzi koma sipirira kuuma. Munthu asambe pasanathe maola awiri, ndipo adziyang'ane thupi lonse: kukhwapa, m'makutu ndi kuseri kwake, pamchombo, m'chiuno mmene mumadutsa lamba, m'mphechepeche, kuseri kwa mawondo, m'tsitsi. Pakhungu lakuda maso okha sakwanira. Zala ziyende pang'onopang'ono kufuna kotupa kamene dzulo kunalibe. Ana awayang'ane makolo, makamaka m'mutu ndi m'khosi, ndipo galu naye asaiwalidwe. Nkhupakupa ikapezeka, aigwire ndi kachitsulo kopanira kosongoka, pafupi penipeni ndi khungu, n'kukoka molunjika ndi modekha, osapotokola, osafinya mimba yake, kenaka n'kutsuka ndi sopo. Zija zootcha ndi machesi, kuthira parafini kapena kupaka Vaseline kuti ichoke yokha zimangodya nthawi, pamene nthawiyo ndiyo ikulekanitsa munthu ndi matenda. Alembe tsikulo penapake. M'madera a ku America kumene Lyme ndi wochuluka, dokotala amatha kupereka doxycycline womwa kamodzi kokha ngati nkhupakupa inakhalitsa ndipo sipanathe maola 72 chiichotsere.

Chidzolo chokula chikaoneka, munthu asadikire zotsatira za magazi, chifukwa m'milungu yoyamba magazi amatha kusonyeza kuti mulibe kanthu pamene matenda alimo. Dokotala wodziwa amayamba mankhwala poona chidzolocho. Ndipo wobwera kumudzi kudzacheza kuchokera ku maiko amenewo, thupi n'kutentha, kuchipatala adzayamba ndi kuyeza malungo, monga ziyenera kukhalira. Akapeza kuti malungo mulibe, anene poyera kumene anayenda. Doxycycline ndi amoxicillin ndi mankhwala odziwika bwino kwa madokotala athu. Chimene dokotala wa ku Zomba kapena ku Chipata sangachidziwe payekha n'chakuti milungu iwiri yapitayo wodwalayo anakhala pansi m'maudzu a ku Scotland.